Misomali ya Denga la a Jailosi

M'mudzi wina kufupi ndi njanji ku Mtakataka munali banja la a Jailosi ndi akazi awo a Namaliya. Sanali olemera, koma pakhomo pawo munthu sankagona ndi njala, ndipo Lamulungu lililonse ankatsogozana kupita ku tchalitchi. Kutsogozana kwake kunali kwenikweni, pakuti a Jailosi anali atachita khungu. Ankayenda atagwira phewa la akazi awo. Mwana anali mmodzi yekha, Dyson. Kuti aphunzire ukalipentala panapita mbuzi zinayi ndi njinga ya bambo ake.

Chaka cha 2004 thonje linachita bwino. A Namaliya anati za udzu zakwana: chaka ndi chaka kumweta, kufolera, koma mvula ikabwera n'kumatchera mabeseni m'nyumba. Anapita ku Golomoti n'kugula malata, mitanda, waya ndi thumba la misomali ya zipewa.

Tsiku losasula udzu, a Jailosi anaitana mwana wawo.

"Dyson, kuno n'kuchigwa. Mphepo ya chizimalupsa ikatsika m'mapirimu sipempha njira. Mtanda uliwonse uumange ndi waya, wayayo agwire khoma. Msomali usaumire. Amene amakhala pansi pa dengali usana wonse ndine. Inu muli ndi maso oonera kothawira, ine ndilibe."

"Ndamva, ababa. Sukulu yake ndinapita ndine," anayankha Dyson akuyasamula.

Koma mnyamatayu anali atayamba kale kasukulu kena kwa mayi Kadzuwa, otcheza kachasu kuseri kwa msika. Masana omwewo anafikako m'thumba muli mbee.

"Amisiri, mwabwera ndi ludzu lokhalokha?" anaseka mayi Kadzuwa. "Ndamva kwanu kwafika misomali. Ine ndikumanga kagolosale. Kanyumba ka zipinda ziwiri misomali thumba lonse, mukukhoma sitima ya pamadzi? Tapani dzanja limodzi, velemoti yanu ya kachasu ndi iyi."

"Madala andiuza kuti ndisaumire."

"Madala akewo aiona ndi chiyani?"

Onse amene anali pamenepo anafa nalo phwete. Dyson nayenso anaseka, mopanda manyazi, kuseka khungu la bambo omubala.

Dzanja limodzi linasanduka manja asanu. Misomali itatsala yowerengeka, wayanso anatsata njira yomweyo. Tsono poti a Namaliya ankaswera kudimba, Dyson anapeza nzeru ya Satana. Ankakhoma misomali itatu yokha pa lata lililonse, kenako n'kumamenya hamala pa mtanda wopanda kanthu: go! go! go! A Jailosi, ali pamthunzi, ankagwedeza mutu mokondwa.

"Khoma, mwana wanga! Imeneyo ndiye ntchito!" Aliyense wodutsa ankamuimitsa: "Mukumumva mmisiri wangayo?"

Atatha, Dyson anaona kuti malata akupepheruka ngakhale ndi kamphepo kayaziyazi. Anasanja njerwa pamwamba kuti apsinje.

A Namaliya pobwera kudimba anaponya khasu pansi.

"Iwe Dyson, tsika! Njerwa zikufuna chiyani pa denga latsopano?"

"N'zongowonjezera, amayi. Masiku ano timatero."

"Masiku ano a kuti? Waya wanga ali kuti?"

"Ali m'kati mwa khoma, saoneka."

"Nanga chikununkha m'kamwa mwakomo n'chiyani, utuchi? Ndinagulitsa mbuzi zanga kuti uzindinamiza ine? Mawa ndiitana mmisiri wina akwere aone."

"Mayi a Dyson, musamuchititse manyazi mwana," analowererapo a Jailosi. "Masiku atatu ndamumva ndi makutu angawa akukhoma. Denga ili ndi lolimba."

A Namaliya anasiya zoitana mmisiri wina polemekeza amuna awo. Dyson anangoyang'ana pansi. Mpata wolapa unali umenewo, koma anausiya n'kupita kukatsuka kukhosi.

Lachinayi lotsatira, dzuwa litangopendeka, kumapiri kunada bii. Dyson anali kwa mayi Kadzuwa. Fumbi linadzuka, mitengo inawerama, kenako m'mwamba munaoneka malata akuuluka ngati mapepala.

"Denga la wina ilo, likupita ku Salima osalipira basi!" anakuwa chidakwa wina.

Dyson anaseka nawo, mpaka anaona kuti malatawo ndi owala, atsopano. Mowa unamuthera pomwepo. Anathamanga akugwa n'kudzuka.

Anapeza nyumba ili yasa, anthu akufukula. A Jailosi anali atamva denga likulira, n'kuimirira kupapasa chitseko. Njerwa zinawagwera pamutu, mtanda n'kuwathyola msana. Anawanyamula pa ngolo mpaka ku chipatala ku Mua.

M'mawa mwake a Jailosi anatsitsimuka, miyendo yosagwedezeka. Anapapasa dzanja la Dyson.

"Usadziimbe mlandu, mwana wanga. Mphepo ija inali yaikulu."

A Namaliya anaimirira.

"Yaikulu? Nyumba zonse za m'mudzi zili ndi madenga, ngakhale khola la nkhumba la oyandikana nafe! Ndatola lata limodzi kumunda, ndawerenga mabowo ndi chala changa. Atatu! Lata lonse mabowo atatu! Uwauze bambo ako kumene kuli misomali yawo. Uwauze, galu iwe!"

Dyson anagwada pa simenti n'kuulula zonse, akulira ngati mwana wakhanda. A Jailosi sanakalipe. Anangochotsa dzanja lawo pang'onopang'ono n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Patatha masiku asanu ndi limodzi anamwalira osalankhulanso naye.

Bokosi la maliro linakhomedwa ndi mmisiri wa ku Golomoti. Dyson atatenga hamala kuti athandize, mayi ake anamulanda pamaso pa anamfedwa onse.

"Manja akowa asakhudze. Ukhoza kuwaika m'manda ndi misomali itatu."

Lero Dyson ali ku Golomoti, amanyamula katundu wa anthu otsika minibasi. Palibe amene angamupatse ngakhale mpando kuti akonze.

Ananu, imvani. Mowa umayamba ndi kukubera ndalama, kenako manyazi, pomaliza umakubera anthu ako. Ndipo ntchito imene waba pobisika siibisika mpaka kale: tsiku lake likafika imagwera amene ankakukhulupirira koposa.