Gasiketi ya pa Kalendala

Godfrey ananyamuka pa Nsaru dzuwa litalowa kale, a kabaza onse atapita kwawo. Sikuti anachedwera ku mowa ayi. Tsiku lonse anali pa galaja, akukwecha chivundikiro cha pampu ya oyilo pa sandipepa woyala pagalasi, kuchotsa mizere imene magiya anakumba. Pampuyo inali ya Kombi yake, galimoto yakale imene anagula kwa ansembe, ya injini ya kumbuyo yosathira madzi, yongozizira ndi mphepo. Injini yotere oyilo akangosiya kuyenda, imapsa pomwepo.

Ndiye galimotoyo inkafunika sabata yomweyo. Mkazi wake Ethel anali woyembekezera, mwezi utakwana. Mwana wawo woyamba, Naomi, anabadwa pa opareshoni, ndipo anamwino a ku Kabudula anali atanenetsa kuti matenda akangoyamba asadikire pakhomo. M'mudzi monse munalibe galimoto ina.

Pampu, chivundikiro ndi gasiketi anazimanga ndi linya, n'kuika m'thumba la shuga, n'kupanira m'khwapa. Gasiketiyo anadula yekha pa katoni ya sopo, yokhuthala bwino, kuti oyilo asamadonthe.

Atangodutsa manda a m'mphepete mwa dambo anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Mapazi anaima. Anayenda... mapazi nawonso.

Wakuba ameneyu, anatero mumtima. Pa galaja paja panali anthu ambiri oyang'anitsitsa, ndipo mapampu amenewa masiku ano sapezeka. Anawerama ngati akukonza nsapato, n'kutola mwala.

Atafika pa mlatho, munthu uja anali kutsogolo kwake.

Bambo wamtali, atavala ovolosi yabuluu. Ovolosiyo inkadontha madzi, chonsecho munali mu Okutobala, mtsinje utauma gwa.

"Achimwene, mwanyamula pampu ya Kombi, eti?"

"Ndi shuga."

"Shuga wanu akununkha oyilo. Mwaikamo gasiketi yanji?"

"Kodi inu ndinu ndani?"

"Ya katoni, eti? Ya sopo."

Katoniyo Godfrey anaidulira kuseri kwa galaja, ali yekhayekha.

"Katoni imakweza chivundikiro," anatero bamboyo, osamuyang'ana. "Magiya amangozungulira, oyilo n'kumathawira pamwamba pawo. Ponyamuka idzalira bwino. Ikadzatentha, getsi lofiira lidzayaka. Pano."

"Pano pati?"

"Pompano."

Anatambasula dzanja. Munali kapepala kopyapyala. Godfrey anaona kuti ndi msampha: akangolandira, thumba lipita. Anapanitsitsa m'khwapa, n'kukatsomphola ndi zala ziwiri za dzanja la mwala lija. Kapepala kanali kouma. Koma dzanjalo... lozizira ngati sipanala yogona panja mu Juni. Chala chimodzi chinali choduka.

"Mupake girisi m'magiya musanatseke. Ndipo musadzawauze mayiwo kuti dikirani m'galimoto, ndikubwera."

Godfrey anayang'ana kapepala. Anadzutsa mutu.

Palibe munthu!

Madzi okha pa matabwa, pamene anaima paja.

Anathamanga. Mwala sanadziwe kumene anautaya.

Kunyumba anapeza nyali ikuyaka pakhonde. Apongozi ake, aNachisale, amene anabwera kudzadikirira matenda a mwana wawo, anali asanagone. Godfrey anagwada chapatali monga amachitira mkamwini, n'kufotokoza zonse akupuma movutikira.

"Ndikuganiza kuti ndi mankhwala, amayi. Alipo anthu sakondwa ndi galimotoyi. Kapepalaka ndikaponye pamoto."

"Tabweretsani kaye."

Anakaika pa mphasa, iwo n'kukatola, n'kukayandikiza ku nyali. Inali gasiketi ndithu, mabowo anayi a mabawuti odulidwa bwinobwino. Inadulidwa pa kalendala ya ku mishoni. M'mphepete munatsala chaka: 1996.

ANachisale anadzutsa mutu, n'kumuyang'ana Godfrey.

"Mwati wamtali? Chala chodukira apa?"

"Chomwecho, amayi."

"Amenewo ndi a Boniface. Ankayendetsa Kombi yanu yomweyi ansembe asanaigulitse, ndipo ankaikonza okha. Chaka chimenechi anatenga akazi awo ali m'matenda, usiku, mvula ikuchita kukhuthuka. Injini inafera pa mlatho pomwepo. Anatsika kuti akafune ngolo, madzi anali atakwera pa matabwa, anawakokolola. Mayiwo anadikira m'galimoto mpaka kunacha. Tinawaika onse awiri tsiku limodzi, m'manda mwadutsamo aja. Ine ndinasambitsa nawo mayiwo."

Godfrey anayang'ana Kombi pansi pa mtengo wa mango, chitseko cha injini chili yasa.

Kuchipinda Ethel anabuula motsitsa, kenako anaitana: "Amayi... tabwerani."

ANachisale anadzuka, n'kusiya kapepala kaja pa mphasa.

"Bambo a Naomi, ola limodzi likukwanirani?"

Godfrey anamasula linya, katoni ya sopo n'kuiponya pa makala. Anatola kapepala ndi manja awiri, anatenga girisi ndi sipanala ya fetini, n'kunyamula nyali kupita ku mtengo wa mango.