Kampando Kopanda Misomali

Madalo anaima pakhomo atagwira tsache, n'kumayang'ana anzake akutsetsereka kupita kusukulu. Hafsah, mnzake wa mu Fomu 3, anakweza dzanja.

"Iwe Mada, lero ujombanso? Aphunzitsi ayamba kufunsa ngati wakwatiwa!"

"Ukawauze kuti ukwati ndi Loweruka, asaiwale mphatso," anayankha Madalo akuseka. Koma anzakewo atangokhota, kusekako kunathera pomwepo.

Kumbuyo kwake, pabalaza, bambo ake a Venansio anali pampando wawo, maso ali pa kadzuwa kolowera pazenera. Kale anali kalipentala wodziwika ku Ndirande. Chaka chatha anadwala sitiroko, ndipo dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka. M'nyumba ankayenda ndithu, pang'onopang'ono, ndi ndodo. Vuto linali pakhomo. Mvula yamphamvu inakokolola dothi la pabwalo, khomo n'kutsala m'mwamba, kupitirira mawondo a munthu woima panja. Eni nyumba anangosanjapo njerwa zomwe zinkagwedera ngakhale apondepo mwana.

A Bernard, oyandikana nawo, ndiwo ankawabereka m'mawa uliwonse kuwatsitsira panja, koma anapeza ntchito ku Limbe n'kusamuka. Amayi a Madalo, a Petronela, ankalawirira kumsika kukagulitsa tomato, popeza banja lonse linkadalira benchi yawoyo. Choncho wotsala ndi wodwala anali Madalo. Chimbudzi chinali panja. A Venansio ankadzithandizira m'ndowa, ndipo mwana wawo akamaitulutsa, iwo ankatembenukira kukhoma. Awiriwa anasiya kuyang'anana.

M'mawa umenewo Madalo anaponya tsache pansi, n'kukoka bokosi la zipangizo lomwe linali pansi pa bedi.

"Bambo, ndikhoma kampando ka masitepe koti muzitsikirapo. Misomali ili kuti?"

"Misomali ayi," anatero a Venansio, mawu akutuluka molemera monga mwa masiku onse chidwalireni. "Ine poyenda ndimayedzamira mbali imodzi. Misomali idzakhwefuka, ndidzagwa nako. Tenga tchizulo, tiseme mabowo."

"Koma zimenezo n'zochedwa!"

"Kodi ine ndili ndi ulendo?"

Madalo anatulutsa matabwa a m'bawa omwe bambowo anasunga kuti adzapangire tebulo. A Venansio anamuphunzitsa kusema bowo la makona anayi pa mwendo wa kampando, kenako kusongola mapeto a thabwa lopingasa kuti alowe m'bowomo mothina. Zikalowana, ankaboola kabowo kodutsa zonse ziwiri n'kukhomamo chikhomo chamtengo. Bowo loyamba Madalo analikulitsa kwambiri. Bambo ake analiyang'ana nthawi yaitali.

"Muno mutha kugona khoswe ndi apongozi ake."

Madalo sanaseke. Anatenga mtengo wina n'kuyambiranso. M'manja mwake munatuluka matuza, koma sanapume. Akamamenya tchizulo, maganizo ake anali pa desiki yake yapafupi ndi zenera, ndi mayeso omwe ankayandikira. Kampandoko kakangotha, iye akhala mfulu.

Tsiku loyeza kutalika kwa masitepe, anatsikira panja ndi tepi, nayeza kuchokera pakhomo kufika pansi, n'kugawa bwinobwino ndi pensulo.

"Mada, tabwera kaye uone…" anayamba a Venansio.

"Ndayeza kale, bambo. Masamu ndimakhoza ine."

A Venansio anamuleka kuti apitirize. Anangomuletsa chinthu chimodzi, pamene ankatsegula botolo la guluu. "Guluuyo adikire. Zikhomo zokha kaye."

Lachisanu masana kampando kanatha. Kanali ka masitepe awiri, kosalala, ndipo Madalo atadumphapo sikanagwedere n'komwe. A Zeinabu, mayi wokazinga zitumbuwa kutsidya kwa kanjira, anaomba m'manja. "Eee, akalipentala aakazi! Mwana wa munthu uyu!"

A Venansio anagwira felemu la chitseko, natsitsa mwendo wofookawo, kenako winawo. Anafika pansi. Madalo anawaikira mpando padzuwa, ndipo iwo anatsinzina, nachita chizindikiro cha mtanda ndi dzanja lamanzere. Milomo yawo inkagwedera mwakachetechete.

Sipanapite nthawi, mtambo wakuda unatsika kuchokera kuphiri la Ndirande, ndipo mvula inayamba kudontha. A Venansio anadzuka kuti alowe. Anaika mwendo wabwino pa sitepe yoyamba, koma wofookawo unakana kutsatira. Zala zake zinkangogunda m'mphepete mwa thabwa n'kubwerera pansi. Anayesanso, thukuta likutsika m'khosi. Anatsakamira pomwepo, phazi lina m'mwamba, lina pansi. Madalo anawagwira m'khwapa, koma analibe mphamvu zowakweza. Ana a m'deralo anayamba kusonkhana, zala zili m'kamwa.

"Ana inu, bwerani kuno!" anaitana a Zeinabu. "Zitumbuwa zophwanyika zilipo, wochedwa zake zada!"

Ana onse anathamangira kumeneko. A Zeinabu anawakhazika chofulatira nyumba ya a Venansio, n'kukodola bambo wina wogulitsa makala yemwe ankadutsa ndi njinga. Bamboyo ananyamula a Venansio ngati thumba n'kuwalowetsa m'nyumba. Malaya awo oyera anatsala ndi zidindo zakuda za manja.

"Zikomo, achimwene," anatero a Venansio.

Madalo anakankhira kampandoko pakona. Mumtima munkamuwawa: ntchito yonse ija, matuza onse aja, Lolemba adzajombanso. Amayi ake atabwera anaona malayawo, nawanyika m'beseni. Atatha kudya anagwada kuti apemphere monga mwa chizolowezi. Inali nthawi ya a Venansio yotsogolera, ndipo Madalo ankayembekeza kuti apempherera mwendo wawo.

"Ambuye," anatero mwapang'onopang'ono, "poletsani manja a mwanayu. Atupa chifukwa cha ine."

Madalo analephera kuyankha kuti amen.

M'mawa mwake sanagwire tsache. Anapita kukagwada patsogolo pa mpando wa bambo ake.

"Bambo, tsiku lija munkafuna ndione chiyani?"

A Venansio anamuyang'ana, kenako anapinda buluku ndi dzanja lamanzere. Chibwerereni kuchipatala, Madalo anali asanauyang'anitsitsepo mwendowo. Unali utaonda, ndipo phazi linkalozera pansi ngati lofota. Bambowo anaimirira, natsamira ndodo, nalikweza ndi mphamvu zawo zonse. Madalo anaimika chikhatho chake chopingasa pansi pa phazilo. Chinakwana ndendende pakati pa phazilo ndi simenti, zala za bambo ake n'kukhudza dzanja lake. Zinali zozizira.

"Ndi pomwepa basi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndi pomwepo."

"Nanga bwanji simunandikakamize?"

"Unkathamangira kusukulu, mwanawe. Ndakuchedwetsa kale mokwanira."

Madalo anapukuta maso ndi mkono. "Ndiye kuti ndiyambirenso? M'bawa watha."

"Tenga hamala. Gogoda zikhomozo chakumbuyo."

Anagogoda. Chikhomo choyamba chinatuluka n'kugubuduzika pasimenti, kenako chinzake. Kampando kanaphwasuka mwaulemu, thabwa lililonse lili lamphumphu, popanda mng'alu. Masitepe anafunika kukhala anayi, aafupiafupi, ndiye matabwa anaperewera. Madzulo a tsikulo a Petronela anabwera atasenza thabwa la pabenchi yawo ya kumsika. "Tomato akhoza kukhala pa thumba," anatero, n'kulowa kukaphika.

Lamulungu sanagwire ntchito. Lolemba Madalo anajombanso, koma ulendo uno sanaime pakhomo kuyang'ana anzake. Asanaseme bowo lililonse, ankaika thabwa pansi n'kunena kuti, "Bambo, tapondani apa." Anaonjezeranso mtengo wogwirira kumanzere, kumene kunali dzanja lamphamvu. Lachiwiri madzulo a Venansio anatsika okha, nakwera okha, natsikanso.

"Tsopano bweretsa guluu uja," anatero.

Lachitatu Madalo anavala yunifolomu. M'kalasi anamva theka lokha la zomwe aphunzitsi ankanena, ndipo belu litangolira anathamanga chokwera mtunda, osadikira Hafsah. Anapeza chitseko chili pululu, mpando wa pabalaza uli wopanda munthu. Ndowa ija inali kuseri, itavundikiridwa, youma.

"Bambo! Bambo!"

"Usaphwanye khosi, ali kuno!" anakuwa a Zeinabu.

A Venansio anali pansi pa kashedi ka zitumbuwa, chitumbuwa chili m'dzanja, akugwedeza ndi ndodo benchi yopendekeka ya a Zeinabu.

"Bambo, mwangochoka osatseka chitseko?"

"Chinatsekeka mokwanira chimenecho," anayankha akutafuna. "Pita ukavule yunifolomu, udye, ulembe za kusukulu. Ukatha ubwere ndi tchizulo. Benchi ya amayiwa yadzaza misomali."