Njanji Siifika kwa Chulu

Anakumana m'chigafa, pa esiteti ina kufupi ndi kwa Chulu, nthawi yosankha fodya. Sunganani anabwera kudzagwira ganyu, mwana wake Favour ali kumsana. Levison, tenanti wochokera ku Balaka, ndi amene anamusunthira kuti akhale pamphasa.

"Munakwerapo sitima, amake mwana?"

Sunganani anaseka. Sitima ku Kasungu? Iye ankadziwa kabaza, matola ndi minibasi za ku Boma. Njanji anangoiona m'buku, chaka chimene anasiya sukulu.

Levison anayamba kusimba, zala zili pa masamba. Anati kwawo sitima ikamachokera ku Limbe imayamba kumveka kumapazi, nthaka ikunjenjemera, kenako m'makutu. Anati siteshoni ya ku Balaka ndi yakale, agogo ake anaona sitima za malasha zikulavula utsi wakuda, ndipo pano pali ina yonyamula anthu mpaka ku Nayuchi, kumalire. Ikaima, amayi amakweza malichero a nthochi ndi chimanga chophika mpaka pazenera.

Tsiku limenelo Sunganani anasakaniza fodya wofiira ndi wotuwa, kapitawo n'kumukalipira.

Ankabwerera pamphasa pomwepo m'mawa uliwonse. Levison ankadziwa zonse: mbali yosawomba dzuwa, poika dengu kuti lisapondedwe, mmene khanda limagonera msanga chifukwa cha kugwedezeka. Akafika powoloka mtsinje wa Shire ankatsitsa mawu, ndipo Sunganani ankaona madzi akunyezimira pakati pa fumbi la m'chigafa.

Foni ya Sunganani yosweka galasi inayamba kulira masana ndi mauthenga a Levison. "Duwa la kwa Chulu, fodya akagulidwa ndikutengani. Inu pazenera, Favour pamiyendo panga." Ankawerenga ataima pamjigo mpaka ndowa kusefukira.

Koma atsibweni ake, a Nthanda, ankafuna yankho. Munda umene anasiya malemu mayi ake sukanagona chaka chonse. Ngati akupitadi kummwera, anene mvula isanagwe, aupereke kwa msuweni wake Jane. Ndipo Jane akaulima n'kuthiramo manyowa, ndani angakamuchotsemo?

Sunganani anapempha kuti amudikire pang'ono. Mtima unali utakwera kale sitima, koma mayi wa mwana sanyamuka ndi mtima wokha. Kodi m'sitimamo muli chimbudzi? Nkhuku amalola? Levison akafunsidwa zotere ankangomutchula maina okoma. Choncho anapita kwa mayi Feggie, mkazi wa tenanti wina wa ku Balaka komweko, amene ankakonza nkhwani pakhonde.

Mayi Feggie anati iwo sanakwerepo. Anthu a pafupi ndi njanji ambiri amangoibayibitsa.

"Nanga a Levison?"

"Ameneyo? Akwere apite kuti! Zonsezo amamva kwa mkazi wake, Perpetua. Ndiye amakapikula nsomba ku Nayuchi, khanda kumsana. Mwamunayo ntchito yake n'kudikira pa siteshoni ndi njinga, kunyamula madengu."

Anapitiriza kusadzula nkhwani, osadziwa chimene athyola. Anayamikiranso Perpetua kuti ndi mkazi wolimba, amakamba nkhani ngati wailesi.

Sunganani anathokoza mwaulemu. Ndiye kuti mtsinje uja, mbali yamthunzi ija, khanda logona lija, zonse zinali maso a mkazi wina? Miyezi yonseyi ankakondana ndi mawu a Perpetua!

Anamupeza Levison akusoka belo la fodya. Atamuona anamwetulira, n'kumutcha wapamtima.

"Ndiuzeni, bambo. Pazenera paja ndikhala ndi Perpetua, kapena iye adzaimirira?"

Singano inaima. Levison anayang'ana kapitawo, anayang'ana pansi. Anati banjalo linali litazilala kale, anati akanamuuza, anati chikondi chake sichinali chabodza, ndipo sitimayo iliko ndithu, akhoza kufunsa aliyense.

"Iliko, ndamva. Inu ndi amene simunakwere."

Anamangitsa nsalu ya mwana pachifuwa n'kutuluka. Panjira analira, osati mokweza, poti Favour anali m'tulo. Minda ya fodya inali itatsala mapesi okhaokha, ndipo kumadzulo, cha kunkhalango, mitambo inali itayamba kusonkhana.

Anapeza a Nthanda ali m'malire a munda uja ndi Jane, akuloza ndi ndodo. Anagwada patali pang'ono.

"Atsibweni, musapereke. Ndilima."

Jane anakwinya nkhope, nafunsa ngati sitima yaphulika tayala. A Nthanda anamuletsa ndi dzanja. Anayang'ana maso ofiira a mphwawoyo.

"Yambira kumunsi," anatero. "Kumeneko madzi amafika msanga."