Bulangeti la m'chitseko cha kombi

Ntchito za Jesinta zinkadziwika. Kukatunga madzi ku mpopi, kuchapa matewera a mwana wake Rafaeli, kukazinga zitumbuwa, kusesa pakhomo pa azakhali ake a Monika, kenako beseni pamutu, mwana kumbuyo, ulendo wa ku tauni kukagulitsa. Sukulu anailekezera Sitandade 8 mimba itaonekera, mwini mimbayo n'kuthawira ku Joni. Za amuna anali atalumbira kuti basi.

Tsiku lina pa siteji ya Chilomoni anyamata a malaya ofiira anafunsa khadi la chipani. Lake linali litatsala m'thumba la diresi yomwe anayanika. Basi inamusiya.

Ali chiimire, kunatulukira kombi yakale, ikulira gwedegwede.

"Mayi, dzuwali liwotcha mwana. Kwerani."

Mkati munali bedi, kabati ndi kachitofu. Nyumba yeniyeni yoyenda! Mwini wake anali Dominiko, makaniko wa ku Chirimba, amene anaigula kwa mzungu wobwerera kwawo. Koma phokoso lake! Zitseko zinkalira ngati zitini, mkokomo wa matayala n'kumalowa m'mutu.

"Ndati kwanu n'kuti?" anakuwa Dominiko.

"Ku Nsanje! Galimoto yanu ndi yolongolola kuposa inu!"

"Nanenso wa konko! Ndiye Mulungu wakonza dala!"

Jesinta anaseka. Anali ataiwala kuti amatha kuseka choncho.

Sizinachedwe. Madzulo ambiri kombi inkaima pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba ya azakhali.

"Duwa langa," ankatero Dominiko, "kombi iyi idzatitengera kwa makolo ako. Rafaeli adzagona pabedipo, ine ndi iwe kutsogolo. Koma ndikufuna ikhale chete, kuti ndikakunong'oneza uzindimva."

Mtsikana wanji akanapanda kusungunuka?

Jesinta anagogoda chitseko ndi chala. "Ng'oma imalira chifukwa mkati mulibe kanthu. Tsegulani matabwawa, tiikemo zinthu."

Anayamba ndi ziguduli. Sizinakwane. Anang'amba pilo wa thonje lomwe mayi ake anatola okha kumunda. Zitseko zakutsogolo zinatonthola, koma chachikulu cham'mbali chinkalirabe. Ndiye anatenga bulangeti lake, limodzi lokhalo, n'kulidula ndi sizasi.

"Iwe Jesinta!" anatero azakhali. "Juni akubwera, mwana udzamufunditsa chiyani? Ankhoswe a mwamunayu tawaona?"

"Abwera, azakhali."

"Akubwera pa kombi yomweyo?"

Ku mpopi amayi anayamba kumutcha Mayi Kombi. Iye ankangomwetulira, mpaka anawauza kuti ukwati ndi wa chaka chomwecho.

Panali chinthu chimodzi chomwe anakana. Pansi pa chitseko chachikulu panali kazenera ka timabowo tolowetsa mpweya, ndipo Dominiko ankafuna kukatseka.

"Phokoso likulowera apa, wapamtima."

"Ayi, apa musatseke. Mukufuna mwana wanga abanike? Chinyezi chitulukira pati? Bulangetilo liwolera mkati."

"Mkazi wanzeru ngati iwe ndidzamupeza kuti?"

Atayesa pamsewu wa fumbi, kombi inali zii. Dominiko ananong'ona, "Ndine wako mpaka kumanda." Jesinta anamva liwu lililonse.

Lamulungu lina atatuluka ku Misa, anatenga katani lomaliza la kombi lomwe anasoka ku chitenje chake, n'kuyenda wapansi mpaka ku Chirimba. Anapeza kombi kuseri kwa galaja, makatani omwe anasoka kale atatsekedwa. Nsapato ya Rafaeli inagwa pafupi ndi chitseko. Atawerama kuti aitole, khutu lake linayang'anizana ndi timabowo tija.

"Ukumva bata limeneli, Magdalena duwa langa? Ndakonzera iwe, poti phokoso limakupweteketsa mutu. Loweruka tikaonekera kwanu ku Chikwawa."

"Wakukonzerani ndani bwino chonchi?" linafunsa liwu la mkazi.

"Kamtsikana kena ka ganyu. Ka zitumbuwa."

Jesinta anakhala chiweramire. Ka ganyu? Manyazi anamuyambira kumapazi mpaka kumakutu. Amayi a ku mpopi akawauza chiyani? Nanga azakhali?

Anafuna kuthawa. Koma Rafaeli anayetsemula kumbuyo, ndipo Jesinta anakumbukira Juni.

Anagogoda. Chitseko chinatseguka mwakachetechete, monga anachikonzera iye mwini. Pabedi panali mtsikana wa nsapato zazitali. Dominiko anatuwa.

"Aa, mayi... mwabwera? Ndalama yanu ndikupatsani mawa."

"Sungani. Ndipatseni chomasulira masukulufu."

"Jesinta, tandimvera kaye..."

"Amakudziwani dzina?" anafunsa Magdalena.

"Amandidziwa, achemwali. Nanenso ndinali duwa. Sunthani pang'ono phazi, ndikufuna bulangeti la mwana wanga."

Anatenga yekha chomasuliracho n'kumasula thabwa lonse. Anasolola zidutswa chimodzichimodzi, zakuda ndi girizi, n'kuzikulunga m'katani lija. Sanalire. Misozi inayamba atafika pamsewu, pomwe kombi inamudutsa ikulira gwedegwede ngati kale, mpando wam'mbali mulibe munthu.

Atafika kunyumba, azakhali anangomupatsa singano.

Zomwe zinapita ndi izi: pilo wa thonje la mayi ake, zitenje ziwiri, ziguduli zonse za m'nyumba, ndi makasitomala a zitumbuwa omwe anazolowera kugula kwa wina iye ali kalikiliki ndi zitseko. Madzi anayamba kukatunga ku mpopi wakutali, chifukwa wapafupi dzina la Mayi Kombi silinathe.

Bulangeti analilumikiza, koma linafupika. Juni atafika linkakwana Rafaeli yekha. Jesinta anafunda katani.