Botolo la Apongozi

Chibwerereni apongozi m'nyumba muja ndi botolo lawo la mankhwala, mtendere unatulukira pawindo. Botololo linkakhala pamwamba pa filiji ngati mwininyumba, ndipo m'mawa uliwonse mwana ankayenera kumwa sipuni imodzi, afune asafune.

Mwanayo anali kamtsikana kotchedwa Kachingwe, chifukwa sankasiyana ndi chingwe cha nsapato chimene ankachizunguliza pachala. Madokotala anati ali ndi otizimu. Sankalankhula, phokoso linkamupweteka, ndipo munthu akamugwira mwadzidzidzi ankalira mpaka kudzimenyetsa mutu pakhoma. Mayi ake omubereka anamwalira kalekale. Amene ankamusambitsa ndi kumuperekeza kuchipatala anali mayi womupeza, mkazi wofatsa amene anthu ankangomutchula kuti Telala chifukwa cha makina ake osokera a pakhonde. Mwamuna wake, dalaivala wa basi, ankamukonda ndithu, koma amayi ake, apongozi aja, akangokhosomola iye ankasanduka mwana.

Mankhwalawo apongozi anawagula kwa bambo wina wa pafoni, wovala khoti loyera, amene ankatumiza mavidiyo a makolo akulira ndi chimwemwe. "Kafukufuku watsimikizira!" ankatero apongozi, akugwedeza foni kumaso kwa aliyense.

Telala anakafunsa mlangizi wa kuchipatala, mayi amene ankaphunzitsa Kachingwe kupempha zinthu poonetsa makadi a zithunzi. Mlangiziyo anaonera vidiyo, n'kupukusa mutu.

"Kafukufukuyo wachita ndani? Wogulitsa yemweyo? Nanga anawayerekeza ndi ana amene sanamwe? Mwana amasintha akamakula, amwe asamwe. Ndiye amene anadwala nawo mankhwalawa, vidiyo yawo ili kuti? Musamupatse, mayi. Otizimu sachotsa ndi sipuni."

Telala atafotokoza zimenezi kunyumba, apongozi anaseka chikhakhali. "Wosabereka n'kundiphunzitsa ine kulera?" Mawuwo anamulasa mtima, koma anawameza. Sabata yoyamba yomweyo Kachingwe anasanza, m'kamwa munatuluka zilonda, ndipo apongozi anati ndi matenda akutuluka. Telala sanakanganenso nawo. Tsiku lina atatsala yekha anakhuthulira mankhwala onse m'sinki, n'kutsuka botolo, n'kuthiramo madzi ndi tiyi pang'ono kuti mtundu ufanane.

Miyezi inadutsa. Zilonda zinapola, Kachingwe anayamba kugona bwino, ndipo akafuna madzi ankabweretsa khadi la kapu m'malo mokuwa. Apongozi anamwa wamkaka. Mlendo aliyense ankaonetsedwa botolo asanapatsidwe n'komwe mpando.

Loweruka lina m'mawa, Telala ali pamakina, anamva kukuwa kukhitchini. Atalowa anapeza apongozi atamupanikiza mwana pakati pa miyendo, dzanja limodzi likufinya masaya, linalo lili ndi sipuni. Pathebulo panali botolo latsopano, lalikulu, ndipo fungo lake linamukumbutsa mankhwala oyeretsera nsalu.

"Ili ndiye lamphamvu," anatero apongozi. "Loyamba lija latithandiza, tsopano timalizitse. Ndizilisunga m'chikwama mwanga ndekha."

"Amayi, musiyeni mwanayo!"

"Tasoka uko! Mdzukulu ndi wanga, magazi ndi anga."

Sipuni inali itagunda kale mano. Telala sanaganize kawiri. Anaimenya ndi dzanja, inauluka n'kukagwera kuseri kwa chitofu, mankhwala n'kutayikira pa siketi yakuda ya apongozi. Apongozi anadzuka n'kumugwira tsitsi, anamukokera pathebulo, makapu anagwa n'kusweka. Kachingwe anathawira pakona, atatseka makutu, akumenyetsa mutu pakhoma.

"Mayo ine! Ndikuphedwa m'nyumba ya mwana wanga!" anakuwa apongozi, chonsecho tsitsi la mnzawo lili m'manja.

Mwamuna anatuluka kuchipinda atavala yunifolomu mabatani osamanga. Sanafunse. Anamuwaza Telala mbama imene inamugwetsera pafiliji, ndipo mlomo unang'ambika.

"Ukumenya amayi anga? Iwe?"

"Ndamenya sipuni, bambo a Kachingwe."

"Mfiti iyi sikufuna mwana achire!" analowerera apongozi. "Ikufuna akhale chomwechi mpaka udzatope naye, nyumba itsale yake. Muthamangitse lero!"

Mwamunayo analowa kuchipinda, anatulutsa sutikesi n'kuiponya pakhomo, chitseko anachimenyetsa mpaka galasi linanjenjemera. "Mwaiona ndi maso anu ntchito ya mankhwalawa. Mwana akugona, akupempha madzi. Umboni wina wotani umene mukufuna? Longedzani!"

Telala anadzuka pang'onopang'ono, misozi ikusakanikirana ndi magazi. Chimene chinkamuwawa sichinali mbama. Iye akachoka, mawa sipuni idzalowa, ndipo sipadzakhala woiletsa. Anatambasula dzanja, anatsitsa botolo lakale pamwamba pa filiji, n'kulipereka kwa mwamuna wake.

"Lawani."

"Ndati longedzani!"

"Ndilongedza. Koma lawani kaye umboni wanuwo."

Mwamunayo ananunkhiza, kenako analawa kadontho. Analawanso. Nkhope inasintha. "Uyu ndi tiyi."

"Tiyi wopanda shuga. Chisanzireni mwana sabata yoyamba ija, akumwa ameneyo. Zonse zimene mwakhala mukutamanda zachitika ali pa madzi."

"Bodza!" anakuwa apongozi. "Wakuba! Wakhala ukumubera mwana mankhwala ake!"

"Nanga wachira ndi chiyani?" anafunsa mwamuna, mawu atatsika.

"Sanachire, bambo a Kachingwe, ndipo si wakuti achire ngati ali ndi malungo. Akuphunzira. Kaya ndi makadi aja, kaya ndi kukula, nanenso sindinganene motsimikiza. Chimene ndikudziwa n'chakuti si botolo ili. Taonani siketi ya amayi."

Onse anayang'ana. Pamene panagwera mankhwala paja, nsalu yakuda inali itayamba kuyezuka, chigamba chofiirira chikuyera m'mphepete.

"Zimenezo ndi zimene zimati zilowe m'mimba mwa mwana wanu," anatero Telala. Sanadikire yankho. Anapita pakona, anakhala pansi osamugwira mwanayo, n'kuika chikhato chake pakati pa mutu ndi khoma. Mutu unagunda chikhato kangapo, kenako unaleka. Kachingwe anatola chingwe chake n'kuyamba kuchikulunga pachala cha Telala, akusisima.

Mwamunayo anayang'ana dzanja lake lamanja, limene anamenyera mkazi wake. Kenako anawerama, anatola sipuni kuseri kwa chitofu, anaidzaza kuchokera m'botolo latsopano, n'kupita nayo kwa amayi ake.

"Amayi, mwati kafukufuku watsimikizira. Imwani."

"Iwe, wapenga? Ine ndine mayi ako!"

"Uyo ndi mwana wanga. Sipuni imodzi yokha, amayi. Mwa iye mumafuna kuthira tsiku lililonse."

Apongozi anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Analumanitsa mano, anatembenuzira nkhope kumbali, n'kutseka pakamwa ndi manja onse awiri, ndendende mmene Kachingwe ankachitira m'mawa uliwonse.

Mwamunayo anakhuthulira sipuni ndi botolo lonse m'sinki, n'kutsegula mpopi. Anatenga sutikesi ija pakhomo, koma anakaiika m'chipinda cha amayi ake. "Basi ya masana ndikuyendetsa ndine. Mukonzeke."

Chitseko cha apongozi chinamenyetsedwa, ndipo kulira kwawo kunamveka mpaka kumsewu. Palibe amene anapita kukawatonthoza. Mwamunayo anagwada pakati pa magalasi osweka, misozi ili chuchuchu.

"Mayi a Kachingwe, ndikhululukireni."

Aka kanali koyamba kumutchula choncho. Telala anapukuta mlomo ndi kuseri kwa dzanja lomwe linali lomasuka.

"Za mbamayi tikakamba pamaso pa achimwene anga, ndipo ikadzabweranso simudzandipeza," anatero. "Panopa lankhulani chapansipansi. Mwanayu phokoso limamupweteka."