Mawaya Awiri ku Mughese

Lachisanu pa 7 Julayi 2023, mmisiri Masiye Silungwe ananyamuka kunyumba ya mayi Kayange, m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese, nthawi ili 9 koloko usiku. Njinga zamoto zonyamula anthu zinali zitaweruka, choncho anayenda wapansi.

Tsiku lonse analimbana ndi boyila ya dizilo yofunditsa nyumbayo. Inkayaka mphindi zinayi n'kuzima yokha. Anasintha sefa, anatsuka mapaipi, osathandiza. Pomaliza anachotsa kachipangizo kamene kamazimitsa moto zinthu zikalakwika, nalumikiza mawaya ake. Boyila sinazimenso. Mayi Kayange ndi ana awo atatu anatseka mazenera n'kukagona.

Atayenda makilomita awiri, Masiye anafika pa mlatho wa matabwa. Chifunga chinali chitagwa. Pakati pa mlathowo panaima bambo wovala ovolosi.

"Mwatandala uli, amisiri? Ndine Amosi Sichali," anatero bamboyo. "Mwalumikiza wofiira ndi woyera, eti?"

Masiye anaima. Panalibe amene anamuona akuchita zimenezo.

"Inenso ndinatero. Imayaka bwino ukatero... Mpaka m'mawa."

Kunkazizira kwambiri. M'kamwa mwa Masiye munkatuluka nthunzi. Mwa bamboyo, ayi. Ankanunkha utsi wa dizilo.

"M'chumuni mwayang'anamo? Mbalame zimakonda m'menemo. Boyila ija sinafe, a dada. Ikukana."

Tochi ya Masiye inaphethira. Pamlatho panalibe munthu!

Masiye anatembenuka. Anathamanga kubwerera kwa mayi Kayange. Anagwa pachitunda, nadzuka. Anamenya chitseko... Zii. Anaswa zenera ndi sipanala, nalowa, nazimitsa boyila. Ana awiri anawatulutsa atawanyamula. Wachitatu anatuluka akukwawa, akusanza, amayi ake akudzandira pambuyo.

Onse anachira. M'mawa Masiye anakwera padenga, ndipo m'chumuni anatulutsamo zisa zodzaza ndowa. Utsi wonse unkabwerera m'nyumba, n'chifukwa chake boyila inkazima yokha.

"Koma baba, munadziwa bwanji?" anafunsa mayi Kayange, atagwira mutu.

"Anandiuza a Amosi Sichali, pamlatho paja."

Mayiwo anakhala pansi pang'onopang'ono.

"A Sichali ankasamala nyumba ino ife tisanaigule. Anawapeza atafa pa 19 Juni 2015, m'chipinda chimene mumagona anawa. Zitseko zinali zotseka, boyila ikuyakabe."