Tsiku Limene Evelio Sanazimitse Makina

Evelio anatsika basi pa siteji ya Las Guarumas atanyamula ndodo yaitali yokhala ndi chinthu chaubweya kunsonga. Mtsikana amene ankawotcha mapupusa, timikate ta ufa wa chimanga, m'mbali mwa msewu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaphulika ndi chiseko.

"Achimwene, mphaka wakufayo mukupita naye kuti?"

"Si mphaka, chemwali. Ndi maikolofoni. Ndimajambula mawu a kanema."

"Ndiye mphakayo amamva?"

"Amamva zonse, ngakhale zimene mtima wanu ukunena panopa."

"Aaa, anyamata a ku San Salvador ndi pakamwa! Gulani mapupusa kaye, za mtima tiziona pambuyo."

Anagula anayi, pomwe njala yake inali ya awiri. Mtsikanayo dzina lake linali Nohemí, ndipo mawu ake ankadziwika mudzi wonse, poti m'mawa ankaitanira malonda, Lamulungu n'kumatsogolera nyimbo kutchalitchi.

Evelio anabwera ndi gulu la a Ligia, mayi wodziwika pa ntchito yopanga makanema. Kanema wawo anali wa nkhondo yapachiweniweni yomwe inatha Nohemí akadali khanda, koma munalibe mfuti ngakhale magazi. Munali mtsinje, nyumba zosiyidwa ndi nkhope za okalamba, zonse zakuda ndi zoyera. A Ligia ankafuna yankho la funso limodzi: kodi munthu amabadwa ndi nkhanza, kapena mantha ndiwo amamuphunzitsa?

Evelio funso lake linali lina, ndipo ankamufunsa Nohemí pafoni.

"Duwa langa, wadzuka bwanji? Lero ndajambula mbalame zisanu, palibe yoimba ngati iwe."

"Bodza lako! Mbalamezo unazipatsanso mawu omwewa."

"Ndikulumbira, wapamtima. Khutu langa ndi lako mpaka kufa."

Miyezi iwiri itatha, mudzi wonse unali utawakwatitsa kale ndi pakamwa.

Tsiku lina masana kunagwa mvula, ndipo Evelio ankajambula mmene inkalilira padenga la malata kukhitchini kwa Nohemí. Ojambula mawu ali ndi lamulo lawo limene amaphunzitsana: makina sazimitsa, chifukwa chabwino chimabwera utazimitsa. Nohemí anakhala pafupi naye, nkhope ili yolemera.

"Mphaka wako wagona?"

"Wagona," anayankha Evelio.

Linali bodza laling'ono. Ankangofuna mvula ya mphindi zina zisanu basi!

Nohemí anayamba kulankhula motsitsa. M'chaka cha 1982 asilikali anasonkhanitsa amuna onse pabwalo la tchalitchi. Anabwera ndi munthu atamuveka thumba kumutu, loboola malo a maso okha. Aliyense amene wathumbayo anamugwedezera mutu ankaponyedwa m'lole, osabwereranso.

"Anali bambo anga, Evelio. Anawamenya masiku atatu mpaka anavomera. Anagwedezera mutu mnzawo wa ponda apa nane mpondepo, a Fermín, amuna awo a Doña Chabela. Doña Chabela amene anandinyamula paubatizo! Bambo anandiuza chaka chatha atadwala, akuganiza kuti akupita. Ndakhala nazo ndekha, zikundidya. Lonjeza kuti zithera pano."

"Zithera pano, mtima wanga. Ndikaulula, lilime langa liwole."

Chala chake chinali pafupi ndi batani lozimitsira makina nthawi yonseyo. N'chifukwa chiyani sanadine? Ngakhale iye mwini sankadziwa, kapena ankadziwa koma ankachita manyazi kuvomera: khutu lake la ntchito linali litamva kuti mawu otere sapezeka kawiri.

Gulu litabwerera ku San Salvador, a Ligia anamvetsera zonse zimene Evelio anajambula, monga mwa ntchito. Anamuitana maso ali ofiira.

"Evelio, uwu ndiye mtima wa kanema wathu!"

"Ayi mayi, izi sizinali za kanema. Ndinaiwala kufufuta."

"Tichotsa mayina. Nkhope sioneka. Angadziwe ndani? Choonadi si cha munthu mmodzi, mwana wanga. Komanso kanemayu akupita kunja, dzina lako lili pamenepo."

Evelio anakana tsiku loyamba, lachiwiri anati aganiza, lachitatu anakhala pansi n'kusalaza mawuwo ndi manja ake kuti amveke bwino pamwamba pa mvula. Madzulo omwewo analembera Nohemí: "Ndikubwera ndi mphete, duwa langa. Sindidzakukhumudwitsa." Atatumiza analephera kudziyang'ana pagalasi.

Ankadzitonthoza kuti kanema wotere amaonera ndi anthu a m'mayiko akutali okonda kugwira chibwano posinkhasinkha zakuya. Koma a Ligia anali ndi mtima wabwino wa mtundu woopsa uja. Analengeza kuti anthu a ku Las Guarumas ndiwo ayambe kuonera, poti nkhaniyo ndi yawo.

Katatu konse Evelio analemba uthenga woulula, katatu konse anaufufuta. Mwana wamwamuna wathunthu kuopa foni!

Loweruka masana holo ya mudzi inadzaza, mazenera atatchinga ndi mabulangete. Nohemí anavala diresi lachikasu n'kukhala pambali pa Evelio, atamugwira dzanja. Kutsogolo kwawo kunali bambo ake, Don Atilio, ndipo Doña Chabela anakhala nawo benchi imodzi.

Theka la ola linatha akuonetsa mtsinje.

"Kodi nkhondoyo iyamba liti?" anafunsa mdala wina kumbuyo, anthu n'kuseka.

"Dzanja lako likutuluka thukuta bwanji, wokondedwa?" ananong'oneza Nohemí.

Kenako chithunzi chinada bii, ndipo mvula inayamba kulira pamalata.

"Anali bambo anga. Anawamenya masiku atatu..."

Mayina anali atawachotsadi, koma kodi ku Las Guarumas kunali munthu wosadziwa mawu amenewo? Ndipo ndani sankadziwa kuti mwa amuna amene lole inatenga tsiku lija, mmodzi yekha ndiye mkazi wake anadzanyamula Nohemí paubatizo? Mitu inatembenuka umodzi umodzi. Dzanja la Nohemí linachoka m'dzanja la Evelio pang'onopang'ono.

Evelio analakalaka nthaka itang'ambika. Wina anayatsa magetsi.

Don Atilio anaimirira. Anavula chipewa n'kuyamba kugwada pamaso pa Doña Chabela.

"Dzuka, Atilio, maondo akowo ndi owola kale," anatero mayiyo. "Ukuganiza kuti ndamva lero? Thumba linabisa mutu, koma kumapazi unavala nsapato za Fermín, zomwe anakubwereka paukwati wako. Ndinazipukuta ndine nsapato zimenezo."

"Chabela... zaka zonsezi?"

"Zaka zonsezi. Ndinaona mmene anakuphwanyira zala. Ndinanyamula mwana wako ndikudziwa. Ndinasankha kukhala chete kuti mudzi uno usadyane, ndipo kukhala cheteko n'chinthu chokha chimene asilikali anandisiyira." Anatembenukira kwa Evelio. "Tsono iwe mnyamata, wakupatsa ndani mphamvu yondilanda chimenecho?"

Kumbuyo ana a Fermín anali ataimirira kale, amuna akuluakulu a ndevu, akuyang'ana Don Atilio ndi maso amene sanamuyang'anepo nawo chibadwire.

Nohemí anagwira bambo ake mkono n'kutuluka nawo. Evelio anawathamangira mpaka panja, mphete ikumulemera m'thumba la malaya.

"Nohemí, duwa langa, ndimvere! Ndifufuta zonse lero lomwe!"

"Ufufuta m'makutu mwa anthu mazana awiri?"

"Ndinalakwa. Ndinachita mantha kukuuza. A Ligia anati angadziwe ndani, anati kanema..."

"Unandiuza kuti wagona, Evelio. Ndinakufunsa!"

Misozi inali kutsika m'masaya mwa Nohemí. Anakhazika bambo ake pamwala, n'kubwerera pafupi kwambiri kuti ena asamve.

"Chaka chathunthu ndakhala ndikuchita manyazi ndi bambo anga. Ndinkati munthu angapereke bwanji mnzake amene amamukonda? Lero ndawamvetsa. Iwo anapereka mnzawo atamenyedwa masiku atatu, atathyoledwa zala. Nanga iwe, wapamtima, anakumenya ndani?"

Evelio anayang'ana manja ake. Analibe ngakhale kachipsera.

Doña Chabela anatuluka m'holo, namudutsa ngati akudutsa mtengo, n'kugwira Don Atilio mkono winawo. Atatuwo anatsetsereka ndi msewu pang'onopang'ono, ndipo Nohemí sanacheuke.